Mimba ya hatchi ndi yaing'ono: zomwe ndinaphunzira m'makola a ku Joni

Pa Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira kusiya msewu waukulu wopita ku Muloza, pamakhala anyamata a kabaza. Ndikamadutsa pamenepo sindilephera kuimitsidwa. "Madala, tamva zoti inu munkaweta mahatchi ku Joni. Ntchito yake njotani? Achimwene anga andipezera malo." Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo pamsewu sindilimaliza kuyankha, chifukwa wokwera akangofika mnyamata uja wapalasa, wapita. Ndiye ndati bwanji ndikhale pansi ndilembe.

Ndinapita ku South Africa mu 2004 ndisanakhudzepo hatchi. Ndinkangoimva m'Baibulo, momwe amaitcha kavalo. Ndinakhala zaka 13 m'dera la Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, komwe makola a mahatchi ali ponseponse, ndipo ambiri owasamalira ndi Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe. Wantchito wotere amamutcha groom. Amadyetsa, amapesa, amawola ndowe, amatokosa ziboda, ndipo hatchi ikadwala usiku ndi iyeyo amene amayamba kudziwa.

Kuti ife akuno tikule osaidziwa hatchi si ngozi. Azungu amene anayamba kudzala tiyi m'boma lino la Mulanje, kuyambira Henry Brown ku Thornwood mu 1891, ankachokera kumaiko okonda mahatchi, koma katundu wawo anayenda pamitu ya amtengatenga, eni ake akunyamulidwa pamachila. Hatchi siinkachedwa kufa m'dziko muno. M'zigwa munali kashembe, ndipo nyengo ya mvula inkabwera ndi nthenda yomwe azungu amaitcha African horse sickness. Imafala ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, tomwe timaswana m'matope ndipo timaluma kwambiri madzulo ndi m'mamawa. Hatchi yosabayidwa katemera ikagwidwa ndi mtundu woopsa wa nthendayi imapuma movutika, thovu n'kumatuluka m'mphuno, ndipo pa mahatchi 10 odwala angathe kufa 9. Arnold Theiler ndi anzake anaifufuza kwa zaka zambiri ku Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria, ndipo katemera amene tinkagwiritsa ntchito ankachokera komweko. Tinkabaya kawiri, motalikitsa masabata atatu, pakati pa June ndi October. Mvula ikayamba, mahatchi onse ankalowa m'khola dzuwa lisanalowe. Lero ku Malawi kuno mahatchi mungawaone ku Kande m'boma la Nkhata Bay komwe alendo amakwera m'mbali mwa nyanja, ndi pa mafamu owerengeka.

Chomwe ndimafuna mnyamata aliyense amve asanakwere basi ndi ichi: hatchi si ng'ombe. Tonse tinakula tikuona ng'ombe ikudya mothamanga, kenaka n'kugona pamthunzi kumabzikula. Hatchi siibzikula. Chifu chake n'chimodzi, ndipo pa chinyama cholemera makilogalamu 500 chifucho chimangolowa malita 10 mpaka 15, osadzaza n'komwe ndowa imene amayi amatungira madzi pa mjigo. Ntchito yeniyeni yogaya udzu imachitikira m'matumbo akuluakulu kumbuyo, komwe kuli tizilombo tosaoneka tomwe timaphwanya udzuwo. Ndiye Mulungu anailenga kuti izidya pang'onopang'ono, mutu uli pansi, maola mpaka 16 pa tsiku. Chinanso, hatchi siitha kusanza. Chomwe chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo basi.

Izi ndinaziphunzira mowawa m'chaka changa chachiwiri. Panali hatchi yaikazi yofiirira yomwe ndinkaikonda, ndipo itabereka inayamba kuonda. Mtima unandiwawa. Osauza munthu, madzulo ena ndinaithirira chakudya cha m'thumba, timibulu tomwe amati cubes, kuwirikiza muyeso wake. Safunsa anadya phula. Cha m'ma 11 koloko usiku ndinamva kugunda kwa khoma. Ndinaipeza ili thukuta kamukamu, ikupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, ikucheukira m'mimba mwake, ikugona n'kudzukanso. Kamwana kake kanali kataima pakona kakunjenjemera. Dokotala wa ziweto anabwera, anaibaya jakisoni wopha ululu, n'kuilowetsa paipi kudzera m'mphuno mpaka m'chifu. Ndinayenda nayo pabwalo mpaka kunja kunayera. Inachira. Dokotalayo sanandikalipire. Anangonditengera pa ndowa ya chakudya n'kundiuza kuti hatchi yaikulu chotere isamapyole makilogalamu awiri a chakudya chambewu pa nthawi imodzi, ndipo chakudya chilichonse chatsopano chizilowa pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu kapena masiku 10. Kupotokola kwa m'mimba kumeneku amakutcha colic, ndipo kwapha mahatchi ochuluka. Chakudya chambewu chochuluka chimabweretsanso laminitis, kutupa kwa m'kati mwa ziboda, komwe kumaimitsa hatchi motsamira kumbuyo ngati ikuponda pamoto.

Tsono tiyambe ndi kubadwa, pakuti m'mera mpoyamba. Hatchi imatenga bere miyezi 11, masiku pafupifupi 340. Mwana amakula kwambiri m'miyezi itatu yomalizira, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene make amafunika chakudya chowonjezera, makamaka udzu wabwino ndi lucerne, chomera cha m'gulu la nyemba chomwe chili ndi zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Kukatsala mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, tinkamubaya katemera wa kafumbata, chifukwa hatchi ndi imodzi mwa nyama zomwe kafumbata sachedwa kupha, ndipo chitetezo chimenecho chimadzapita kwa mwana kudzera mu mkaka.

Nthawi zambiri imaberekera usiku, ndipo siichedwa. Madzi akangosweka, pa mphindi 20 kapena 30 mwana amakhala ali pansi. Kumatsogola timiyendo tiwiri takutsogolo, mphuno itagona pamwamba pake. Zikapitirira pamenepo popanda kuoneka kanthu, thamangirani foni. Tinkaloweza manambala atatu: pa ola limodzi kamwana kaime, pa maola awiri kayamwe, pa maola atatu nsengwa ituluke. Nsengwa ikachedwa musaikoke ndi manja, itanani dokotala, chifukwa kachidutswa kotsalira m'kati kangathe kupha make m'masiku ochepa. Mchombo wa kamwanako tinkauviika mu mankhwala opha tizilombo.

Za kuyamwa ndichedwepo pang'ono. Mwana wa munthu amalandira chitetezo china ali m'mimba. Wa hatchi amabadwa wopanda chitetezo, ndipo chonse amachipeza mu mkaka woyamba wachikasu uja, womwe azamba kuchipatala amalimbikitsanso amayi kuti asamautaye. Matumbo a kamwanako amalandira chitetezocho m'maola oyambirira okha. Likatha tsiku limodzi, khomo latsekeka. Ndinagwadapo mu udzu usiku wozizira wa mu August, dzanja limodzi litagwira pachifuwa pa kamwana komwe miyendo yake inali ngati nsungwi zinayi zosagwirizana, dzanja lina likufinya bere la make kuti kamve fungo. Kanayamwa khoma, kanayamwa bondo la make, kanayamwa shati yanga. Kenaka kanapeza, ndipo ndinamva kumeza kuja, kamchira kakugwedezeka. Pa ntchito yonse ya mahatchi sindinamvepo phokoso lokoma kuposa limenelo.

Kamwana ka hatchi ya makilogalamu 500 kamabadwa kolemera pafupifupi 50. M'sabata yoyamba kamayamwa kangapo pa ola lililonse, ndipo make amatha kutulutsa malita 15 a mkaka pa tsiku. Palibe nthawi ina m'moyo wake imene hatchi yaikazi imafuna chakudya ndi madzi ambiri kuposa iyi. Kuonda kwa hatchi yanga ija kunali koona, cholakwika chinali njira yanga. Inkafunika udzu ndi lucerne wosatha pamaso pake, ndi chakudya chambewu chogawidwa katatu kapena kanayi. Mukaona kamwana kakudya ndowe za make m'masabata oyamba, musakaletse. Kakutenga tizilombo tija togaya udzu. Pofika mwezi wachitatu mkaka umayamba kuchepa mphamvu, kamwana n'kumadalira udzu, ndipo timakaletsa kuyamwa pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi. Musakatsekere kokha. Kakhale ndi anzake kapena ndi hatchi yokalamba yofatsa, apo ayi kamalira mpaka kusasa mawu, kamadzigunditsa kumpanda, ndipo kamasiya kudya. Njoka za m'mimba zimavutitsa kwambiri msinkhu umenewu, choncho mankhwala ake amayamba kali ndi miyezi iwiri kapena itatu, motsatira malangizo a dokotala.

Kuyambira pamenepa mpaka zaka zitatu, chimene mukuweta ndi mafupa. Anthu amakonda mwana wonenepa, koma hatchi yonenepetsedwa ili yaing'ono imadzavutika mawondo moyo wake wonse. Ikule mosadumpha, izithamanga pabwalo tsiku lililonse, nthiti zizimveka mukasisita ngakhale zisakuoneka ndi maso. Apa ndipo ife a ku Malawi tiyenera kusamala ndi gaga. Ndiye chakudya chomwe tili nacho pafupi, cha nkhuku, cha nkhumba, cha ng'ombe za mkaka. Koma m'gaga muli phosphorus wambiri ndi calcium wochepa. Hatchi ikamadya gaga wambiri kwa miyezi, thupi limayamba kusungunula mafupa ake omwe kuti lipeze calcium. Mafupa a nkhope amafufuma, n'chifukwa chake nthendayi amaitcha big head, ndipo hatchi imatsimphina mwendo uwu lero, mawa winawo. Udzu wa kikuyu nawo umamanga calcium kuti thupi lisamutenge. Mankhwala ake ndi lucerne, masamba ouma bwino a mtedza opanda chuku, ndi laimu wa ziweto wothira m'chakudya.

Zaka za hatchi timawerenga m'kamwa. Mano akutsogolo a ubwana amaguluka awiriawiri, pamwamba ndi pansi: apakati pa zaka ziwiri ndi theka, otsatira pa zitatu ndi theka, akumapeto pa zinayi ndi theka. Pa zaka zisanu m'kamwa mwadzaza. Munthu wokugulitsani hatchi kapena bulu angathe kunama, koma mano sanama pa msinkhu umenewu. Ndipo ngakhale ioneke yaikulu pa zaka ziwiri, mafupa a msana amakhwima mochedwa, cha pa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mahatchi a mpikisano amathamangitsidwa ali ndi zaka ziwiri, ndipo ku South Africa onse amawawerengera tsiku lobadwa limodzi, pa 1 August. Ine mwambo wothamangitsa ana umenewo sindinaukondepo. Kwa ife chishalo chinkayamba pa zaka zitatu kapena zinayi, ntchito yake yopepuka.

Hatchi yaikulu siivuta ngati mwagwira mfundo ija ya chifu chaching'ono. Ya makilogalamu 500 imafuna udzu wouma pafupifupi makilogalamu 10 pa tsiku. Ku Joni tinkadyetsa teff ndi eragrostis, kuno udzu wa Rhodes ungagwire ntchito yomweyo. Madzi ndi malita 25 mpaka 50, kuposerapo kukatentha, ndipo mchere uzikhala pomwe ingathe kunyambita. Chakudya chambewu chimatsatira ntchito: yogwira ntchito yambiri ilandire, yongokhala ichepetseredwe tsiku lomwelo. Ziboda zimasemedwa pakatha masabata 6 mpaka 8, nkhupakupa zimachotsedwa tsiku ndi tsiku. Groom wabwino m'mawa amayamba wawerenga milu ya ndowe m'khola, pakuti hatchi yathanzi imachita milu 8 mpaka 12 pa tsiku. Mukapeza iwiri yokha, youma, ndowa ya madzi ili yodzaza, musadikire kuti iyambe kugubuduka.

Nditabwerera kuno ndinayamba kuona ndi maso ena zinthu zomwe zatizungulira. Mapeyala a ku Mulanje timawanyadira, koma masamba ake ndi poizoni kwa hatchi. Lukina amene alimi a ng'ombe za mkaka amadyetsa, hatchi ikamudya wambiri imathothoka ubweya wa kumchira ndi wa pakhosi. Chakudya cha nkhuku ndi cha ng'ombe nthawi zina chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, omwe pang'ono pokha amawononga mtima wa hatchi. Choopsa kwambiri kwa ife ndi chimanga chowola. Kuno kumagwa mvula yambiri, chimanga sichichedwa kuchita chuku, ndipo chizolowezi chathu n'chakuti choipacho tipatse ziweto. M'chuku chimenecho mumakhala poizoni wotchedwa fumonisin, amene akatswiri a ku South Africa, motsogozedwa ndi W.F.O. Marasas, anamutulukira mu 1988. Amafewetsa ubongo wa hatchi. Imayamba kuzungulira pamalo amodzi, kukanikiza mutu kukhoma, kuchita khungu, kenaka kufa, ndipo mankhwala ake palibe. Bulu nayenso amafa nazo chimodzimodzi.

Hatchi yosamalidwa bwino imakhala zaka 25 mpaka 30, ndipo ukalamba wake umayambira m'kamwa. Mano a hatchi amatuluka pang'onopang'ono kuchokera m'nsagwada chaka ndi chaka pomwe pamwamba pakuperepeseka ndi udzu. Amasiya nsonga zakuthwa zomwe zimacheka masaya ndi lilime, n'chifukwa chake kamodzi pa chaka amafunika kupalidwa ndi tupa. Koma limafika tsiku lomwe dzino latha, palibenso chotuluka.

Zaka zanga zomalizira ndinasamala hatchi yamphongo yofula, yotuwa, ya zaka 28, yomwe inaphunzitsa ana ambiri kukwera. M'mawa wina ndinapeza pansi pa chodyera timipukutu ta udzu tonyowa, tokhala ngati fodya wopota. Inkatafuna, kulephera kumeza, n'kulavula. Udzu unali mbwee pamaso pake koma inkafa ndi njala. Pamwamba pa maso panalowa, msana unatsika, mafupa a m'chiuno anayamba kuonekera. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaiviikira timibulu tija m'madzi ofunda mpaka tisanduke phala, pamodzi ndi lucerne wodula bwino ndi mafuta ophikira pang'ono, kanayi pa tsiku. Ndinkaidyetsera payokha, chifukwa anzake aang'ono ankailanda, iyo n'kungopatuka osalimbana nawo. Inkatha ola lathunthu pa ndowa imodzi, phala lili mbuu pamphuno, ndipo ikamaliza inkapukutira pakamwa paphewa langa. M'miyezi itatu nthiti zinakwiririka. Kuzizira kwa June ndinkaifunditsa bulangete, monga mmene timachitira ndi agogo chiperoni chikatsika m'phiri. Sindinkaitsekera tsiku lonse, pakuti mawondo okalamba amauma akangokhala. Ubweya wake unatalika n'kumakana kuthothoka nyengo yotentha, ndipo dokotala anati ndi nthenda ya Cushing, yofala mwa mahatchi okalamba, n'kuipatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Inakhala zaka zina ziwiri. Tsiku lomwe inalephera kudzuka, eni ake ndi dokotala anagwirizana zoigoneka ndi jakisoni kuti isazunzike. Chingwe ndinagwira ndine, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalira.

Wina anena kuti izi ndi za azungu a ku Joni, ife kuno zitithandiza chiyani? Pitani ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe mukaone abulu akukoka ngolo za njerwa, nkhuni ndi chimanga. Bulu ndi m'bale wake wa hatchi, chifu chake n'chomwecho, mano ake amawerengedwa pafupifupi chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti bere lake limatenga pafupifupi miyezi 12, amakhutira ndi udzu wolimba ndi mapesi, ndipo chakudya chonona chimamupweteka msanga kuposa hatchi. Amabisanso ululu. Hatchi ikadwala m'mimba imagubuduka mudzi wonse n'kudziwa, koma bulu amangoima duu, makutu ali pansi, ndipo anthu amati ndi ulesi n'kumukwapula. Bulu wokana kudya ndi wodwala kwambiri, afunika dokotala tsiku lomwelo. Chimene chimandipweteka mtima ndi goli. Timatenga goli la ng'ombe n'kuika pakhosi pa bulu, chonsecho ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba, pomwe bulu mphamvu zake zili pachifuwa. Zilonda zomwe mumaziona pakhosi pa abulu gwero lake ndi limeneli. Bungwe la LSPCA ku Lilongwe lakhala likuthandiza eni abulu pa nkhani zotere. Bulu wosamalidwa amapyola zaka 30, koma wa goli, woyamba kukoka ngolo mano a ubwana asanaguluke, safika kutali.

Kwa inu anyamata a pa Chitakale amene mukukonza mapasipoti, ntchitoyi ndi yolemetsa, yodzuka mbandakucha, ndipo Lamulungu hatchi imadyanso. Mukakafika, kafunseni sikelo ndipo mukayeze chakudya chilichonse m'malo moyerekeza ndi maso. Kafunseni zaka za hatchi iliyonse yomwe mwapatsidwa, mukaitsegule pakamwa muone nokha. Nambala ya dokotala ikakhale mufoni mwanu kuyambira tsiku loyamba. Ndipo inu eni abulu, chotsani goli pakhosi, musokereni lamba wotambalala wa pachifuwa, ndipo chimanga chachuku chija mukachikwirire kudzala.